Za Kuchepa kwa Ulamuliro wa Bambo pa Msewu wa M1

Pakati pa mwezi wa Epulo ndi wa Ogasiti, pamene misika ya fodya ya Chinkhoma, Kanengo, Limbe ndi Mzuzu imakhala yotsegula, m'chigwa cha Kasungu mumabuka nthenda ina yosalembedwa m'mabuku a zachipatala, imene imakonda kugwira amuna, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi chikhulupiriro chakuti ndalama zimene zalowa kubanki Lachisanu zidzakhala zikadalipo pofika mvula yoyamba. Nthendayi si yakale kwenikweni pakati pa anthu wamba, chifukwa mpaka chaka cha 1990 malamulo ankaletsa alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, kotero kuti inkapezeka kwa eni maesiteti okha. Koma chichotsereni chiletsocho yafalikira kuyambira ku Santhe mpaka ku Chulu ndi ku Chamama. Wodwala pang'ono amagula wailesi yaikulu ndi malata, wodwalako ndithu amagula njinga yamoto, pamene wodwala mwakayakaya amagula galimoto n'kulengeza kuti banja lonse likukaona apongozi kumpoto. Nkhani ino ikufufuza gulu lomalizali, ndipo popeza kafukufuku aliyense amafuna chitsanzo, chitsanzo chake ndi mlembi wa tsamba lino, amene m'ndime zotsatirazi azitchedwa Mwinigalimoto, dzina limene linkamuyenera ndithu pa nthawi imene ulendo unkayamba.

Zimene zapezeka zikhoza kunenedwa ngati lamulo motere: ulamuliro wa bambo wa ku Kasungu pa banja lake umachepa molingana ndi mtunda umene wayenda kulowera kumpoto pa msewu wa M1, ndipo pa makilomita pafupifupi 460 amene ali pakati pa Kasungu ndi Karonga umasungunuka ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri.

Kuti lamuloli limveke m'pofunika kufotokoza kaye za ukwati wa Mwinigalimoto. Achewa mwa mwambo wawo amatsata chikamwini, kutanthauza kuti mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi n'kumalima pa nthaka ya apongozi, ndipo akafuna kumutenga mkaziyo kupita naye kwawo, chimene chimatchedwa chitengwa, amapereka mphatso yaing'ono yothokozera. Angonde a ku Karonga, monganso Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, amatsata malowolo, amene ndi ng'ombe zoperekedwa kwa makolo a mkazi, ndipo ng'ombe imene sinaperekedwe siiwalika ngakhale ana a m'banjamo atafika ku sekondale. Mwinigalimoto, amene anakwatira mkazi wa ku Karonga, anasankha mwanzeru mbali yokoma ya miyambo yonse iwiri: mkazi anamutenga monga amachitira Angonde, koma ng'ombe yomaliza anaisunga mumtima monga Mchewa. Cholinga chenicheni cha ulendowu, chimene sichinalengezedwe kwa aliyense, chinali chakuti apongozi akaona galimoto achite manyazi kufunsa za ng'ombeyo.

Galimotoyo inali Toyota Sienta, imodzi mwa magalimoto ambirimbiri ogwirapo kale ntchito amene amachokera ku Japan pa sitima, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Motero pa onse amene ananyamuka tsikulo, amene ankaidziwa bwino njira anali mayi a kunyumba, mlongo wawo, ndi galimoto yomweyo. Wailesi ya magalimoto otere kawirikawiri imathera pa nambala 90, popeza inapangidwira nyumba zoulutsira mawu za ku Japan zimene zimayambira pa 76, ndipo zotsatira zake n'zakuti mawailesi ambiri a kuno sakokeka, banja n'kukakamizika kumvera bambo. Mulinso mawu a mayi wina wa Chijapani amene amamveka injini ikangolizidwa, ndipo odziwa amati mayiyo amangokumbutsa kuti khadi yolipirira misewu ya kwawo sinalowetsedwe, koma Mwinigalimoto anamasulirira ana ake kuti akuyamikira luso la woyendetsa.

Akatswiri amene anapanga galimotoyi anaikamo mipando 7 poganiza kuti munthu mmodzi amakhala pa mpando umodzi, chiphunzitso chimene sichinavomerezedwepo ku Kasungu, kumene mwana wosatha msinkhu amawerengedwa ngati katundu wa pamiyendo. Kuwonjezera pa banja lenileni panali gulu la ongotsikira panjira, amene ndi achibale onena kuti akupita pafupi pomwepa, ndipo gululi linaimiriridwa ndi atsibweni a Mwinigalimoto, amene analonjeza kuti atsikira pa Nkhamenya. Mlamu wa Mwinigalimoto, mlongo wa mayi uja, amene ankagwira ntchito yaukondakitala pa minibasi, anakwera ngati wothandizira, udindo umene Mwinigalimoto anaufotokoza pamaso pa onse kuti ndi wosafunikira. Kumbuyo kunalowa thumba la chimanga, lina la mtedza, nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo ndi luzi, chigubu cha thobwa, ndi sutikesi ya zovala za kutchalitchi. Nthawi yonyamukira inalengezedwa kuti ndi tambala woyamba, koma galimoto inachoka pabwalo dzuwa lili paliwombo, kuchedwa kumene Mwinigalimoto anakuika pa amayi ndi ana, ngakhale mboni zina zimanenetsa kuti kiyi anapezeka m'thumba la buluku limene iye anali atavala kuyambira m'mawa.

Chigawo choyamba cha ulendo, cha makilomita pafupifupi 85 kuchoka pa Kasungu kufika pa Jenda, ndi nyengo ya ulamuliro wathunthu. Dziko ndi lathyathyathya, ndipo mbali zonse za msewu kuli zinthu zimene bambo amazidziwa: mapesi a fodya amene eni ake achedwa kuwazula, ngakhale alangizi amati azizulidwa msanga kuti asasunge matenda, ndi zigafa, zimene ndi zisakasa zazitali zopanda makoma momwe fodya wa bale amaumira ndi mphepo. Mwinigalimoto anapereka chigamulo pa chigafa chilichonse chimene anadutsa, akuloza ndi chigongono chimene anachitulutsa pawindo, ndipo anafotokozera ana kusiyana kwa masamba a m'munsi ndi a kunsonga, kasokedwe kake, kamangidwe ka mindindi, ndiko kuti timitolo ta masamba osankhidwa kale, ndi luso lopana fodya pa jeke kuti belo lisapitirire kulemera kumene msika umalola. Anawakumbutsanso kuti Kamuzu Banda anali wa ku Kasungu ndipo anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, mfundo imene anainena ndi nkhope ya munthu amene anathandizapo kuumba njerwa. Ntchito yokonzanso msewuwu, imene inakhazikitsidwa mu 2022 ndi ndalama za European Investment Bank ndi European Union, inachititsa kuti m'malo ena magalimoto azipatukira m'njira zafumbi, ndipo fumbilo linatseketsa windo n'kulowetsa chigongono, koma pakamwa silinapatseke. Pa Nkhamenya galimoto inaima kuti atsibweni atsike, koma atsibweniwo anali m'tulo tatikulu moti kuwadzutsa kukanakhala kupanda mwambo, ndipo anadzidzimuka okha galimoto itangonyamuka, n'kufunsa ngati thobwa likadalipo.

Kugwa kumayambira pa Jenda, malo a malonda amene ali polowera m'boma la Mzimba, pafupi kwambiri ndi malire a Zambia, ndipo chimene chimagwetsa munthu pamenepa ndi lilime. Amayi ogulitsa tomato, anyezi ndi mbatatesi amazungulira galimoto akuyankhula Chitumbuka, ndipo ngakhale Chichewa amachimva bwinobwino, amadziwanso kuti mwamuna wotsika m'galimoto atavala jekete m'nyengo ya okushoni ali ndi mtengo wakewake. Mwinigalimoto, amene chuma chake chonse cha Chitumbuka ndi mawu akuti "monire" ndi "yewo", anamwaza chuma chonsecho pa chiganizo chimodzi, ndipo beseni la tomato linakwera mtengo iye asanatseke pakamwa. Mayi a kunyumba anatsika mwakachetechete, anaseka ndi amayiwo, anafunsana za kumudzi, n'kubwerera ndi beseni lomwelo pa theka la mtengo, pamwamba pake pali basela, amene ndi tomato wapadera woperekedwa kwa wogula amene wakondedwa. "Bambo a ana, kachikwamako kabwere kuno, kangatayike," anatero mayiwo polowa m'galimoto, ndipo kachikwamako sikanabwererenso kwa mwini wake mpaka ulendo unatha.

Apa chilungamo chiyenera kunenedwa ngakhale chikumuwawa mlembi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinadzamvekanso pa wailesi ya boma mu 1994. Chiyambire 1968 mwana aliyense wa kumpoto wakhala akuphunzira chiyankhulo cha Mwinigalimoto, pamene Mwinigalimoto sanaonepo chifukwa chobwezera ulemuwo. Mkazi wake amayankhula Kyangonde, Chitumbuka, Chichewa, Chingerezi, ndi Chiswahili chokwanira kutsitsira mtengo wa chitenje, pamene iye amayankhula Chichewa ndi Chingerezi cha pa pepala la okushoni, chimene mawu ake ambiri ndi mayina a ndalama zodulidwa. Munthu wotere akadutsa Jenda amayenera kumasuliridwa chilichonse, kuphatikizapo nthabwala zonena za iye mwini, ndipo womasulirayo ndi amene amasankha zoti amve.

Pa chimodzi mwa zipata za apolisi za m'njiramo, wapolisi anapereka moni mwaulemu n'kupempha kuona mathirayango, zizindikiro zofiira za makona atatu zimene galimoto iliyonse imayenera kukhala nazo kuti ichenjezere ena ikafa pamsewu. Zizindikirozo zinalimo, ndipo Mwinigalimoto amafuna kuti mfundoyi ilembedwe momveka, koma zinali pansi pa chimanga, chimene chinali pansi pa mtedza, umene unali pansi pa sutikesi ndi nkhuku. Katundu yense anatsitsidwa, nkhuku imodzi inamasuka n'kulowera chakumadzulo ku Zambia, ndipo amene anaibweza m'dziko muno ndi mlamu uja wa udindo wosafunikira.

Kupitirira mphambano ya ku Mzimba msewu umakwera mapiri a Viphya n'kulowa m'nkhalango ya Chikangawa, imene pa kukula kwake kwa mahekitala pafupifupi 53,000 inkawerengedwa pakati pa nkhalango zazikulu kwambiri zobzalidwa ndi anthu mu Africa. Mitengo ya paini inabzalidwa mochuluka kuyambira m'ma 1960 pofuna kudyetsa fakitale yokonza zopangira mapepala, fakitale imene sinamangidwe konse, ndipo m'zaka zapambuyo pake moto wolusa ndi macheka zinasiya mapiri ambiri ali zitsa zokhazokha. Mwinigalimoto, poona mpata wotola ulemu umene unagwera pa Jenda, anakamba mwamphamvu za kuipa kodula mitengo osabzala ina, mpaka mwana wake wamkazi wa Fomu 3 anafunsa, ndi ulemu uja woopsa kuposa mwano, kuti mitengo ya chigafa cha kwawo, imene imasinthidwa nthawi zonse chiswe chikaidya, imachokera kuti. Funsoli silinayankhidwe pa chifukwa chomveka, chakuti woyendetsa amayenera kuika mtima pa chifunga, chimene m'miyezi ya Juni ndi Julaye chimatsika pa Chikangawa n'kubisa ngakhale lole ya matabwa imene ili pafupi. Kunja kunazizira mwa mtundu wosadziwika ku Kasungu, jekete linali litanyowa ndi thobwa pa nthawi yopakiranso katundu, ndipo Mwinigalimoto analowa mumzinda wa Mzuzu atafunda chitenje cha amayi a Chigwirizano.

Mzuzu, umene unayamba m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung n'kudzakhala mzinda mu 1985, sufuna ndime yaitali, chifukwa Mwinigalimoto anauona ali pa mzere wa mafuta. Mizere yotere imabwera dziko likasowa ndalama zakunja zogulira petulo, ndipo popeza fodya ndi amene amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zimenezo, Mwinigalimoto anadziwitsa oyendetsa anzake kuti madola ogulira mafuta amene ankadikirirawo anachokera m'chigafa chake. Mfundoyi inalandiridwa bwino, koma palibe amene anamupatsa malo kutsogolo. Pa nthawi yomweyo mayi a kunyumba ndi kachikwama kaja anali ku msika wa Taifa, kumene kumagulitsidwa zitenje ndi katundu wina wa ku Tanzania, kukagula mphatso za apongozi, za azakhali, ndi za anthu ena amene ubale wawo unafotokozedwa m'Kyangonde.

Kudutsa Ekwendeni, kumene amishoni a ku Scotland anakhazikika mu 1889, msewu umalowa m'chigwa cha Henga, kumenenso kumalimidwa fodya, ndipo wofufuza ayenera kusamala ndi kutsitsimuka kwa kanthawi kumene kumaoneka apa, pamene chigongono chimatulukanso pawindo ndipo zigafa za eni ake zimayambanso kuweruzidwa. Kutsitsimukaku kumathera pa Chiweta. Pamenepa msewu umachoka pamwamba pa mapiri kutsikira m'mbali mwa nyanja, imene ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo umatsika mokhotakhota, mbali ina kuli thanthwe, mbali ina phompho, kutsogolo malole a malasha a ku Mchenga, kukwera kuchokera kumunsi matankala a mafuta a ku Dar es Salaam, pamene anyani akhala m'mphepete kuonerera zonsezi mosatekeseka. Munthu wobadwira m'chigwa cha Kasungu, kumene chitunda chachikulu pamsewu ndi chija chimene amachiika dala kuti magalimoto asathamange, amadziwa njira imodzi yokha yochepetsera liwiro, ndiyo kuponda buleki, koma buleki yopondedwa kosalekeza pa mtsetse wautali imatentha n'kuyamba kufooka. Oyendetsa a kumapiri amalowetsa giya yaing'ono kuti injini izigwira yokha galimoto, nzeru imene Mwinigalimoto anaimva koyamba kuchokera ku mpando wa kumbuyo ndipo anaikana chifukwa cha kumene inachokera. Fungo la chinthu chopserera litadzaza m'galimoto, iye anafotokoza kuti ndi la malasha a lole ya kutsogolo. Mayi a kunyumba anayamba kupemphera m'Kyangonde, chiyankhulo chimene amachisungira nkhani zikuluzikulu, atsibweni anafunsa ngati pa Nkhamenya papitirira, ndipo mlamu uja anati ndi mawu otsika kwambiri: "Alamu, mwayendetsa nthawi yaitali, imani apa mupumeko." Mboni zimasiyana pa zimene zinachitika kenako, koma zonse zimagwirizana kuti pamene ana anakuwa poona nyanja itatambalala kumunsi, Mwinigalimoto anaiona ali pa mpando wa kumbuyo, nkhuku yothawathawa ija ili pamiyendo pake.

Pa Chitimba pali njira yopatukira ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894 itakhala kaye ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, ndipo njirayi, yodziwika ndi dzina lakuti Golodi, imakwera phiri ndi makona akuthwa pafupifupi 20. Ana anapempha kuti akaone mathithi a Manchewe, mlamu anati akhoza kukwera, koma Mwinigalimoto anapereka maganizo akuti mbiri ya mishoniyi imamveka bwino kwambiri munthu akaimvera ali pansi pa phiri, ndipo awa ndi maganizo ake omaliza amene anatsatidwa pa ulendowu.

Karonga ndi boma lozolowera kuona amuna amphamvu akugonja. Ndi kuno kumene Mlozi, wogula ndi kugulitsa akapolo amene anazunza Angonde, anagonjetsedwa n'kupachikidwa mu Disembala 1895, ndipo ndi kunonso kumene asilikali a Germany anabwezedwa mu Seputembala 1914. M'nyumba yosungira zinthu zakale ya pa boma, imene inatsegulidwa mu 2004, muli Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene chinkayenda m'derali zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo Mwinigalimoto anaima pamaso pake nthawi yaitali kuposa ana. Choncho kufika kwa mkamwini mmodzi wa ku Kasungu sikunagwedeze mudzi. Cholakwika chachikulu cha dongosolo lonse chinaonekera apa: magalimoto a mtundu womwewu amadutsa pa Karonga tsiku lililonse kuchokera ku Songwe, ena akadali ndi mapepala a padoko pagalasi, moti ngakhale ana a m'mudzimo sanasiye mpira wawo kuti aione Sienta ija. Apongozi aamuna anaizungulira kamodzi, anagogoda tayala ndi ndodo, n'kufunsa funso lalifupi limene anthu onse anaseka, ndipo mayi a kunyumba, atazengereza, anamasulira kuti bambo akufuna kudziwa ngati galimotoyo imaswa.

Madzulo kunabwera mbalagha, chakudya cha nthochi zophikidwa pamodzi ndi nyama chimene Angonde amalandirira mlendo wolemekezeka. Mwinigalimoto anadya mbale yonse n'kusamba m'manja, kenako anakhala chete kudikira nsima, imene sinabwere chifukwa chakudya chinali chomwecho, ndipo malinga ndi kawerengedwe ka ku Kasungu anagona ndi njala usiku umenewo ali wokhuta.

Nkhani ya ng'ombe inakambidwa m'mawa mwake pansi pa mtengo wa mango, ndipo popeza mwambo sulola mkamwini kudziyankhulira yekha, atsibweni anaimirira ngati nkhoswe, amene ndi mkulu woimira mbali imodzi ya banja pa nkhani za ukwati. Apa ndi pamene zinadziwika kuti atsibweniwo, amene pa unyamata wawo anagwirapo ntchito yobzala paini ku Chikangawa, amayankhula Chitumbuka chosalala, chimene akuluakulu a ku Karonga amachimva bwino, ndiponso kuti nkhani ya Nkhamenya inali yongokometsera. Zokambiranazo zinayenda mwamtendere ndi mwansangala, Mwinigalimoto akugwedeza mutu paliponse pamene ena agwedeza, ndipo pamapeto pake anauzidwa kuti mbali zonse ziwiri zagwirizana kuti ng'ombe imene yakhala mumtima mwa munthu zaka zambiri chonchi siingalephere kuswa, kotero kuti ngongoleyo tsopano ndi ng'ombe ndi mwana wake.

Za ulendo wobwerera m'pofunika kutchulapo kayendedwe ka ndalama kokha. Ndalama za fodya zimafika kwa mlimi zitadulidwa kale ngongole ya feteleza, ya mayendedwe, msonkho ndi zina, ndipo ngakhale kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunachititsa kuti madola a pa okushoni azioneka ochuluka akasinthidwa, katundu wa m'masitolo anakwera nawo limodzi. Kachikwama kaja kanatsegulidwa pa Karonga n'kupezeka kali ndi malisiti. Mafuta obwererera anagulidwa ndi ndalama za mayi a kunyumba za ku banki m'khonde, gulu la amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama, zimene anazipeza pogulitsa soya ndi mtedza, mbewu zimene Mwinigalimoto wakhala akuzitcha za masewera. M'malo mwa chimanga munalowa matumba a mpunga wa Kilombero, mlamu anayendetsa, ndipo pa mpando wa kutsogolo panakhala apongozi aakazi, amene anaganiza zodzaona okha khola limene ng'ombe ziwirizo zikuyembekezeka kutulukamo.

Pofika mwezi wa Seputembala, pamene nazale za fodya zimafuna mbewu, feteleza ndi madzi a tsiku ndi tsiku, bungwe la banja, limene wapampando wake ndi mayi a kunyumba, linagamula kuti galimotoyo iyambe kudzipezera yokha chakudya. Panopa imanyamula anthu pakati pa Kasungu ndi Nkhamenya, mlamu ndi amene amayendetsa, ndipo ndalama za tsiku zimaperekedwa madzulo kwa wapampando, amene amapatulapo za ng'ombe asanaone zina zonse. Dzina la Mwinigalimoto likadali pa mapepala a galimotoyo, ndipo akafuna kupita ku boma amasungiridwa malo kumbuyo, pafupi ndi windo, n'kulipira mtengo umene wina aliyense amalipira. Atsibweni amakwera ulere.